Mpunga Subereka pa Nazale

Kale, kumudzi kwathu kufupi ndi Chia, kumwera kwa boma la Nkhotakota, pansi pa mtengo wa mango umene uli pakati pa mathandala a usipa ndi njira yotsikira kudoko, panali kabwalo ka ana. Taganizirani mchenga wotentha womiza phazi mpaka m'kakolo, wodzaza mamba a nsomba, njere za mango ndi zitosi za abakha. Pathunthu la mtengowo panakhomedwa thabwa lochokera ku boti lophwasuka, penti yake yabuluu itakanganuka mawangamawanga. Pathabwapo panali limu ya njinga, yofiira ndi dzimbiri, yomangidwa ndi waya, yowerama ngati nkhalamba yochokera kumunda, ndipo kunsi kwake kunkalendewera kansanza ka chilimira kamene asodzi anataya. Imeneyo ndiyo inali ringi yathu ya basketball, ndipo ana ankainyadira ngati yagolide.

Mpira wake unali wamiyendo, wotha zikopa, wotupa mbali imodzi ngati dzungu. Ukaumenyetsa pansi sunkanjanja ayi, unkangoti thi! n'kukhazikika mumchenga ngati wafika kwawo. Choncho ana a pabwalopo kunjanjitsa mpira sankakudziwa. Ankangopatsirana m'mwamba n'kuponya. Mwera ukawomba mu June ndi July, mpira wolunjika ku ringi unkakathera m'mathandala a eni, usipa n'kumwazika, amayi n'kutulukira ndi mithiko, bwalo lonse balalabalala! Nyengo ya mango masewero ankaima kaye, popeza osewera onse ali m'nthambi. Nyengo yoyanika chinangwa cha kondowole bwalo linkasanduka la amayi, ana n'kumadikira dzuwa lipendeke kuti mphasa zichoke. Ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku pochokera kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, ndipo fumbi lija, fungo la nsomba lija ndi phokoso lija ndimazikumbukirabe ndi mtima wofunda.

Pakati pa anawo panali mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene anatalika mothamanga kuposa zaka zake. Ali sitandade 6 anali atawapitirira kale amayi ake. Ali sitandade 8 ankawerama polowa m'khitchini. Anzake ankamutcha nsungwi, ndipo dzinalo linkamulasa mtima. Ankayenda atapinda msana, mapewa atagwa, maso pansi, ngati akupepesa anthu chifukwa cha kutalika kwake. Koma akangogwira mpira wa dzungu uja, msana unkawongoka wokha. Dzanja lake linali ndi maso. Ngakhale mwera uwombe chotani, iye ankaudziwa potembenukira, ndipo mpira unkalowa m'limu ngati wauitana. Mu 2015, Mwawi Kumwenda atasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ntchemberembaye ku Sydney, mudzi wonse unati mwana wathu ndiye Mwawi wachiwiri. Mwini wake ayi. Mtima wake unali pa mpira wa thabwa ndi ringi, umene anaudziwa bwino kusekondale yogonera komweko, kumene kunali bwalo la simenti long'ambikang'ambika, udzu utamera m'ming'alu.

Analemba MSCE mu 2017 n'kukhoza bwino, koma mayina a opita ku mayunivesite a boma atatuluka, lake munalibe. Malo ndi ochepa, okhoza ndi ambiri. Tili m'kati modandaula, kunabwera uthenga kuchokera ku koleji ina ya mumzinda, yosakhala ya boma, imene inali ndi timu yamphamvu ya atsikana. Kochi wawo anamuona pa masewero a masukulu, ndipo anati abwere, fizi sadzalipira, pogona apatsidwa. Maphunziro amene munali malo anali a maakaunti. Masiku amenewo basketball ya m'makoleji inali itatentha. National Bank of Malawi inkathandiza mpikisano wa makoleji wa Mo626, ndipo ku Lilongwe timu ya Bravehearts, imene Griffin Kalua anaiyambitsa mu 2015, inkaonetsa makolo kuti mpira ungathe kumulipirira mwana sukulu. Ife tinaona ngati mvula yagwa mu October. Tinaphika mpunga wa kilombero ndi chambo, tinamuperekeza mpaka pamsewu wa M5 ngati mkwatibwi, amayi ake akululutira mpaka minibasi inabisika.

Zithunzi zoyamba zimene anatumiza zinazungulira mudzi wonse. Jezi yatsopano ya nambala kumsana, nsapato zoyera mbee, bwalo losalala ngati galasi. Koma paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timu ya basketball imalemba osewera 12, koma olowa m'bwalo nthawi imodzi ndi asanu okha, ndipo masewero onse ndi mphindi 40, zigawo zinayi za mphindi 10. Pa timu imeneyo panali akatswiri amene anakulira pa simenti ya m'tauni, onjanjitsa mpira ndi manja onse awiri osauyang'ana n'komwe. Mwana wathu wa pamchenga ankaponya bwino kuwaposa, koma akati ayende nawo mpira, unkamuthawa ngati mlamba. Kochi, pofuna chikho, ankalowetsa odziwa kale, ndipo sindimamunena, ntchito yake inali yomweyo. Choncho mwanayu anakhala pa benchi. Loweruka pa benchi, Lamulungu pa benchi, atagwira mabotolo a madzi a anzake, jezi ija ikubwerera kuhositelo yosanyowa n'thukuta. Akamulowetsa, n'kuti patatsala mphindi imodzi, timu itapambana kale.

M'kalasi ndiye munali mdima weniweni. Manambala a ndalama za makampani amene sanawaonepo ankamuzungulira m'mutu ngati nkhungu za panyanja. Zokonzekera masewero zinkatha usiku, maulendo a timu ankadya masiku a maphunziro, ndipo iye ankaphonya makalasi chifukwa cha masewero amene sankasewera n'komwe. Semesita yoyamba anabwera ndi sapu imodzi, yachiwiri ndi masapu awiri. Atatsika minibasi pa tchuthi cha Khirisimasi mu 2018, ndinayamba ndamupitirira. Anali atawonda, khosi litatalika, msana uja utapindikanso kuposa kale, tsitsi losapesa bwino, mawu akutuluka ngati a munthu wogona ndi njala. Nsapato zokha ndizo zinali zoyerabe mbee, chifukwa zinali zisanagwire ntchito.

Anandipeza madzulo ena ndikusoka ukonde wa mnzanga pakhonde. Anagwada pambali n'kuti, "Atsibweni, ine kumene ndiliko ndikufota. Ndikufuna ndichokeko."

Anali ataganiza kale zonse. Ankafuna kulembanso kalata yofunsira malo ku yunivesite ya boma, ulendo uno asankhe maphunziro a za nsomba, amene poyamba sanawaganizire poopa kuti anzake amuseka kuti wachoka kunyanja kukaphunzira usipa. Timu ya atsikana ya kumeneko inali yofooka, yosowa ndi anthu omwe, moti aliyense wamtali ankamulandira ndi manja awiri. Anandionetsanso pafoni zimene zinkachitika ku America. Mu October chaka chomwecho bungwe la masewero a m'makoleji la NCAA linali litatsegula kaundula wa pa intaneti, mmene wosewera wofuna kusintha sukulu amalembamo dzina lake kuti makochi ena amuone. Nthawi imeneyo wosewera basketball akasamuka ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, lamulo limene analichotsa mu 2021, ndipo masiku ano anyamata oposa 1,000 a m'makoleji akuluakulu a kumeneko amalembetsa m'kaundulayo chaka chilichonse. Ambiri mwa iwo amathawa benchi, ena amatsata ndalama. Mwana wathu analibe kaundula womuthandiza. Kwa iye kusamuka kunali kutaya zonse zimene anaphunzira, kuyambiranso chaka choyamba, ndi kusiya sukulu yaulere n'kupita kolipira.

Monga mwini mbumba ndinaitanitsa abale. Tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya mayi athu, ndipo nkhani inavuta. Mlongo wanga analira. "Achimwene, mwana akudya zaulere, akugona paulere, ndiye tikamuchotse? Fizi tiitenga kuti? Mapanga awiri avumbwitsa. Asiye mpirawo, alimbikire maakaunti." Koma akasiya mpira, fizi yaulere ija inali kutha tsiku lomwelo. Bambo ake anati apirire, benchi siipha munthu. Ine ndinali pakati, chifukwa mphunzitsi aliyense amadziwa nkhope ya mwana amene mutu wake watsekeka, ndipo nkhope imeneyo ndinali nditaiona pakhonde panga. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale njovu zinasamuka. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinanyamulidwa pamalole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, kumene zinali zitathithikana, kubwera nazo kunkhalango yathu ya Nkhotakota, mmene munali mutatsala zosakwana 100. Anthu anaseka, koma sanagonje.

Amene anadula nkhani ndi agogo ake, mayi athu, amene nthawi yonseyi anali chete akusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi n'kuti, "Inu ananu, mpunga mwalima zaka zonsezi osaonapo kanthu? Mbande ikakhalitsa pa nazale imachita chikasu, chifukwa zinzake zaipanikiza. Mumaizula, mumakaiwokera padambo. Masiku oyamba imagona, wodutsa n'kumati yafa. Mubwere pakatha milungu iwiri mudzaone. Mwanayu muwokereni."

Ndiye tinawokera. Koma mwanayo anachita mwanzeru, sanachoke kukoleji ija mpaka mayina atatuluka mu 2019, lake lilimo. Anapita kukatsanzika kwa kochi mwaulemu, ndipo bamboyo, m'malo mokwiya, anamupatsa mpira weniweni wa basketball, wofiirira, wa timadontho togwira m'manja, n'kumuuza kuti akaunjanjitse mpaka usalale. Kuno kumudzi tinamanga malamba. Mlongo wanga anayamba kudzuka nkhuku zisanalire kukapikula usipa padoko n'kumakagulitsa ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Matumba a mpunga amene tinkasungira nthawi ya njala anapita kumsika. Ngongole ya ophunzira a m'mayunivesite inathandizapo mbali ina, ine n'kumaonjezera pa malipiro anga. Chaka chimenecho tiyi tinkamwa wopanda mkaka, ndipo palibe amene anadandaula mokweza.

Kalata zake, kapena ndinene mauthenga a pafoni, zinasintha kamvekedwe mwezi woyamba womwewo. Tsiku lina mphunzitsi wawo anayala nsomba patebulo kuti ophunzira azisiyanitse. Anzake a m'tauni ankatsegula mabuku, iye anangoyang'ana kamodzi: uyu ndi mpasa, wokwera mtsinje wa Bua kukaswana, uyu ndi sanjika, uyu mcheni, utaka, kampango, bombe. Zimene ankaziona ngati za kumudzi, zochititsa manyazi, zinapezeka kuti ndi sayansi. Anaphunzira kuti nyanja imene ankachapamo zovala ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko lapansi, anaphunziranso chifukwa chake chambo chikusowa, ndi zimene maukonde a maso ang'onoang'ono amachita akakokedwa m'malo oswanirana. Mwana amene maakaunti ankamugoneka tulo tsopano ankanditumizira mafunso pakati pa usiku: atsibweni, kodi kale ku Chia munkagwira chambo chachikulu bwanji?

Kenako kunabwera Covid-19, ndipo pa 23 March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa. Mwanayu anabwerera kumudzi ndi chikwama cha mabuku ndi mpira uja m'khwapa. M'mawa mwake anapita pansi pa mango, anaumenyetsa pamchenga, mpira n'kuti thi! Anaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi. Madzulo ake anali ali kwa amfumu, atagwada, akupempha malo.

Miyezi imeneyo sindidzaiwala. Ana amene sukulu inawatsekera anapeza ntchito. Anakumba chulu cha kuseri kwa manda, n'kumatuta dothi lake m'mabeseni, m'zidebe, m'mawilibala obwereka, ena m'masiketi. Anachotsa mchenga, anathira dothi, anawaza madzi a m'nyanja, kenako kutsindira ndi minsi ya amayi awo, du! du! du! ngati mudzi wonse ukusinja tsiku limodzi. Anadikira sabata yathunthu kuti paume, akuthamangitsa mbuzi usana ndi usiku. Tsiku loyesa, anthu tinazungulira bwalo ngati pali gule. Mwanayu anaima pakati, anaukweza mpira, anausiya. Unagunda pansi n'kubwerera m'dzanja lake! Ana anakuwa ngati aona matsenga. Kamnyamata kena kanagona pansi kuti kaone ngati m'dothimo muli sipuling'i. Kwa nthawi yoyamba chikhalire mudzi wathu, mpira unanjanja pansi pa mango.

Ndipo pabwalo la dothi limenelo ndi pamene iye mwini anaphunzira chimene chinamukhazika pa benchi. M'mamawa uliwonse, asodzi akukocheza mabwato, tinkamva du, du, du, du. Dzanja lamanja maulendo ambirimbiri, kenako lamanzere, kenako atatseka maso, kenako akuzemba timitengo timene anazika pamzere, kenako tiana tikumuthamangitsa kuti timulande. Zala zinachita matuza, matuza anasanduka zikang'a.

Mu 2022 ndinakwera basi kukamuona akusewera. Bwalo la kumeneko silinali losalala ngati la mumzinda lija, jezi zawo zinali zofwifwa, ena nambala yolembedwa ndi penti. Ndinakhala pamwala ndikufufuza mwana wopinda msana amene ndinkamudziwa. Timu itatulukira, kutsogolo kwake kunali mtsikana wowongoka ngati mlongoti wa ngalawa, mapewa otambasuka, khosi njo, akuwomba m'manja ndi kuitana anzake mayina mmodzimmodzi. Anali kaputeni. Wezulo italira, analumpha, anaugwira mpira m'mwamba, n'kuyamba ulendo. Abale inu! Mpira umene unkamuthawa ngati mlamba tsopano unkamutsata ngati mwana wa mbuzi. Anazemba woyamba kumanja, wachiwiri kumanzere, anaima kunja kwa mzere wa mapointi atatu, dzanja la pansi pa mango lija n'kuchita zake. Ukonde unangoti swa! Ndipo ophunzira onse ozungulira bwalo anayamba kuimba dzina lija limene linkamuliza ali mwana: nsungwi, nsungwi, nsungwi! Iye anatembenuka akuseka, mano onse pamtunda, n'kukweza manja. Anasewera pafupifupi mphindi zonse 40. Jezi inanyowa yoti n'kufinya, nsapato zoyera zija zinali zitada, zitang'ambika chala, zitasokedwa kawiri kwa wosoka nsapato. Sindinaonepo nsapato zokongola ngati zimenezo. Masewero atatha anathamangira pamwala panga, anagwada thukuta lili chuchuchu, n'kuti, "Atsibweni, mwabwera!" Madzulo ake anandionetsa pepala la zotsatira za mayeso. Sapu munalibe ngakhale imodzi.

Kumudzi nako zinthu zinali zikuyenda. Bwalo la dothi linakhala mpaka mvula ya December, kenako linasanduka phala. Mwanayu anati pafunika simenti. Bwalo lathunthu la basketball ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, ndipo titawerengera matumba ake tinangogwira pakamwa. Iye anati tisamange lathunthu. Pali mtundu wina wa masewerowa, wa atatu mbali iliyonse, woseweredwa pa ringi imodzi, pa bwalo la mamita 15 ndi 11, ndipo amene wayamba kufika mapointi 21, kapena amene akutsogola pakatha mphindi 10, ndiye wapambana. Si masewero achibwana ayi, analowa mpaka mu Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Ngakhale bwalo laling'onolo simenti yake inatikulira, ndiye mmisiri wathu wa m'mudzi anati tiligawe panayi, chaka chilichonse tikakolola mpunga tizithira chigawo chimodzi.

Mukanaona mmene mudzi unagwirira! Mchenga sitinagule. Miyala anaphwanya anyamata ndi hamala pansi pa mtengo, akuimba. Komiti ya padoko inati bwato lililonse likapha bwino lizisiya kambale ka usipa, ndipo amayi omwe aja a mithiko ndiwo ankagulitsa n'kusunga ndalama. Lachisanu kumzikiti ankalengeza, Lamulungu kutchalitchi ankalengezanso, popeza kwathu kuno ana a shehe ndi ana a katekisiti amasambira doko limodzi. Tsiku lothira konkire palibe amene ankapita kumunda. Amuna kusakaniza ndi mafosholo, amayi kutunga madzi, atsikana kupatsirana mabeseni pamzere kuchokera kunyanja mpaka pa mango. Akamaliza ankafunditsa simentiyo mapesi a mpunga n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo masiku ambiri kuti isang'ambike, ana akulondera kuti bakha asadindepo phazi. Bakha mmodzi anapambana ndithu, ndipo mapazi ake alipo mpaka lero pangodya ya kunyanja. Chigawo choyamba chinathiridwa mu 2021, ndipo chaka chonsecho ana ankasewera pakampanda kopapatiza ngati khonde, akugwera mumchenga mbali zonse. Chachiwiri mu 2022, chachitatu mu 2023. Chachinayi ndicho chinatiliza, chifukwa mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, simenti n'kukwera ngati yamera mapiko. Ndalama za m'kambale ka usipa zinaperewera kutali. Anatiombola ndi ana a mudzi uno amene ali ku Joni, amene ataona zithunzi pa WhatsApp anasonkherana, ena mwa iwo akukumbutsana kuti limu ya njinga ija anakhoma ndi iwo.

Lero mukatsika njira ya kudoko mudzayamba mwaima kaye. Pamene panali mchenga wa mamba pali simenti yosalala, yopakidwa penti yabuluu ya maboti, moti masana simudziwa pothera bwalo ndi poyambira nyanja. Mizere yoyera yawongoka ngati yojambula ndi lula, ndipo uta wa mapointi atatu, mamita 6.75 kuchokera pa ringi, anauzungulitsa ndi chingwe cha ukonde ndi msomali, mwanayu akuyeza yekha. M'malo mwa thabwa la boti pali bolodi yoyera pa chitsulo chozikidwa m'konkire, chimene anawotcherera mmisiri wa paboma. Ringi yake ndi ya masentimita 45, ili mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo anayeza katatu asanaimange. Ukonde wake si nsanza ya chilimira ayi, analuka ndi nkhalamba ina ya padoko ndi ulusi watsopano, mfundo zake zofanana ngati za makina. Mbali ya kumathandala anazikako mpanda wa bango, kotero mwera uwombe usawombe, usipa wa eni uli pamtendere. Ndipo limu ija sanaichotse. Ikadali pathunthu la mango, yowerama, yofiira ndi dzimbiri, ndipo tiana tosakwana kuponya pa ringi yaikulu timayambira pamenepo.

Koma kukongola kwenikweni kumabwera mwezi ukakhala wathunthu. Asodzi a usipa amakopa nsomba ndi nyali usiku, kale za parafini, lero za mabatire. Mwezi ukawala kwambiri usipa sutsata nyali, ndiye asodzi amapuma, nyali zili khale. Masiku amenewo amazipachika pansungwi kuzungulira bwalo. Tangoonani m'maganizo: kum'mawa mwezi ukutuluka m'madzi, kuno bwalo labuluu lili ngwee, mithunzi ya ana ikuvina pasimenti, amayi atayala zitenje akugulitsa zitumbuwa ndi chinangwa chokazinga, amfumu ali pampando wawo, ndipo agogo aja a mbande, maso atayamba kuchita khungu, akufunsa mdzukulu wa pambali kuti wagoletsa ndi mwana wa yani. Chakumapeto kwa 2024, pamene Bravehearts inafika m'gulu la matimu 16 olimbirana malo mu Basketball Africa League ku Nairobi, ana a pabwalo lathu anaunjikana pa foni imodzi pansi pa mango, akukambirana za masewerowo ngati akatswiri.

Mwini nkhaniyi anamaliza digiri yake mu 2024. Tinapita tonse, amayi ake atavala chitenje chatsopano, ndipo dzina lake litaitanidwa mlongo wanga, yemwe uja wa mapanga awiri, analulutira mpaka mawu anasasa. Pano akugwira ntchito ndi asodzi m'madoko a m'boma lino. Amaphunzitsa amayi kuumitsa usipa m'tinyumba ta pulasitiki totenthedwa ndi dzuwa, mmene ntchentche, fumbi ndi mvula sizifika, ndipo usipa wake umatuluka woyera, wopanda mchenga, wogulika bwino m'tauni. Akamalankhula pamsonkhano wa padoko, madoda amene ankamutuma fodya ali mwana amakhala chete, chifukwa mayina a nsomba amawadziwa m'Chichewa ndi m'mabuku momwe. Amayenda chowongoka, ndipo polowa m'khitchini ya amayi ake amaweramabe, koma akuseka.

Madzulo ndiye kochi. Lamulo lake ndi limodzi: wofuna kukhudza mpira ayambe waonetsa kope la tsiku limenelo, lochongedwa ndi aphunzitsi. Mukafika cha m'ma 4 koloko mudzapeza mzere wa ana pansi pa mango, makope m'manja, ena akumalizitsa samu pabondo. Benchi ilipo, ya thabwa la boti, koma palibe amaitenthetsa, chifukwa wezulo imalira pafupipafupi ndipo aliyense amalowa. Atsikana awiri a pabwalopo ali kusekondale yogonera komweko tsopano, ndipo wina wamtali, amene nayenso ankayenda chowerama, wayamba kuwongoka.

Mpira wa kochi uja unasalala monga mwini wake ananenera, timadontho tonse tinatha, ndipo mwezi watha unaphulika. Watsopano wagulidwa kale ndi ndalama za m'kambale ka usipa. Ufika Lachisanu pa minibasi yochokera ku Salima, ndipo ana agawana kale maola okaudikirira pasiteji.